Anachotsa Chipepala Pakhoma, Ine N'kusiya Sukulu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinalowa sukulu, chimenenso ndi chaka chimene ndinatulukamo. Zaka zanga sindinkazidziwa, koma ndinali nditayamba kusenza ndowa yodzaza osataya madzi, ndiye tingoti khumi. Mbendera inali itangosintha kumene, atsamunda atachoka, ndipo anthu a boma ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, apite akaphunzire. Mawu awa akulemba ndi mdzukulu wanga, ine ndikungoyankhula, chifukwa cholembera sichinazolowere dzanja langa. Ndamuuza kuti asasalaze paliponse. Pamene ndakwiya alembe mokwiya momwemo.

Tinkakhala ku Sanjala, m'tauni ya Lichinga, ine ndi amayi, m'kanyumba ka kuseri kwa mkulu wina wa ku ofesi amene amayi ankamuchapira zovala. Bambo anali atamwalira ndili wamng'ono. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho mawu omaliza pa ine sanali a amayi ayi, anali a mlongo wawo, amalume a Tomasi, amene ankalima nyemba ndi mbatata ku Chimbonila. Akazi awo anali oyembekezera, ndipo ankafuna mtsikana wokalera khandalo iwo ali kumunda. Tsiku limene anabwera kudzanditenga ndinagwada pafupi ndi chitseko, maso pansi, ndikumva akuluakulu akundikambirana ngati mbuzi ya pamsika.

"Achemwali, mwanayu ndimutenge. Kumunda kulibe wogwira khanda."

"Achimwene, musiyeni ayeseko sukulu. Anzake onse akupita."

Amalume anakanda chibwano. Kenako anati, "Ayese. Ndikakolola nyemba ndidzabwera ndekha, ndidzakhale momwemo, ndione ndi maso angawa. M'mutumu mukakhala kanthu, atsale. Mukapanda kanthu, tinyamulana."

Ndiye ndinalowa sukulu ndi chingwe m'khosi, ndikudziwa kuti nyemba zikauma mlandu wanga uweruzidwa.

Masabata oyamba anali ovuta. Zonse zinali m'Chipwitikizi, ndipo ife chinkatimvekera ngati mvula padenga la malata. Koma vuto lalikulu silinali limenelo. Kunyumba tonse tinaleredwa mofanana, a Chinyanja ndi a Chiyao omwe: wamkulu akamakuyankhula, tsitsa maso, yankha mwachidule, usachulutse. Mwana woyang'ana wamkulu m'maso ankatchedwa wamwano, ndipo khofi linkafika mawu asanathe. Tsono aphunzitsi athu, Pulofesora Amelia, ankati akatiwerengera nkhani n'kufunsa kuti taimva bwanji, kalasi yonse, imene tinkaitcha sala, inkangoti zii. Ana odzaza mpaka pakhomo, onse akuyang'ana zala za kumapazi.

Pulofesora Amelia anali mtsikana ndithu, woonda, wochokera kunyanja. Analeredwa ngati ife, ndiye anadziwa chimene chinkatitseka pakamwa. Lolemba lina anabwera atakwapatira chipepala chachikulu chokulunga, ndi kandodo ka nsungwi. Titaona kandodoko tinafinyikira kukhoma, tikuti lero tiona. Anafunyulula chipepalacho. Anali mapepala a matumba a simenti, atawalumikiza ndi phala la chinangwa, ndipo anachimata pakhoma la kutsogolo, pambali pa bolodi. Iwo ankachitcha karitazi. Ife tinkangoti chipepala.

Anali atajambulapo ndi makala zinthu zinayi, chilichonse chachikulu ngati lichero. Pamwamba panali diso, la nsidze zazitali. Ukaligwira ndi kandodo, unkanena zimene waona m'nkhanimo. Pambali pake panali mtima, umene anaupaka dothi lofiira, wa zimene nkhaniyo yakuchita m'kati. M'munsi munali phazi la zala zonse zisanu. Limenelo linali loti unene kumene nkhaniyo yakufikitsa, malo kapena tsiku limene iwe mwini unaonapo zofanana nazo. Chotsiriza chinali chizindikiro cha funso, koma ife sitinkachidziwa, ndipo ana a asodzi atangochiona anati ndi mbedza. Dzinalo linakhala lomwelo. Pansi pa chithunzi chilichonse panali timawu tiwiri ta Chipwitikizi toyambira kuyankha.

Nzeru yeniyeni sinali m'zithunzimo mokha. Tikatha kuwerenga nkhani, iwo mokweza, ife tikulondola ndi chala m'buku limodzi la anthu ambiri, Pulofesora ankachoka kutsogolo n'kukakhala pa chitini kumbuyo kwenikweni kwa sala. Mwana ankanyamuka, kutenga kandodo, kugwira chithunzi chimene wafuna, n'kuyankhula atayang'ana khoma.

"Musandiuze ine," anatero tsiku loyamba. "Uzani khomalo. Khoma lilibe maso, silimenyanso munthu."

Unkayamba m'chiyankhulo cha kwanu. Ukatha, iwo ankakuponyera mawu a Chipwitikizi kuchokera kumbuyoko, iwe n'kubwereza ukuloza timawu ta pansi pa chithunzi tija.

Nkhani ya tsiku limenelo inali ya mayi wina amene kabawi anamulanda anapiye. Woyamba kulimba mtima anali Asiyatu, mwana wa asodzi, mtsikana wosaopa ngakhale galu. Anagogoda mbedza ndi kandodo n'kufunsa khomalo kuti, "Nanga tambala anali kuti?" Wina pakati pathu anayankha chapansipansi kuti, "Anali kwa mkazi wamng'ono." Sala yonse inagwa ndi phwete, Pulofesora nawonso ataphimba kumaso ndi buku. Kuyambira pamenepo manja anali m'mwamba, aliyense akufuna kandodo.

Ine ndinapita tsiku lachitatu. Ndinagwira mtima wofiira uja. Ndinkamva fungo la simenti ndi phala louma, ndipo pamaso panga panalibe munthu aliyense. Ndinati, "Mayiyu wandikwiyitsa. Anaona chithunzithunzi cha kabawi pansi, iye n'kupitiriza kupeta. Akulira chiyani tsopano?" Nditanena zimenezo mawu ena anabwera okha, enanso pambuyo pake, ngati madzi a pampopi. Sindinkadziwa kuti m'kati mwanga munali mawu ochuluka chotero. Ndinayankhula mpaka Pulofesora anati, "Rozina, khomalo latopa. Upitiriza mawa."

Miyezi imeneyo ndiyo inali sukulu yanga yonse. Ndinkadzuka amayi asanandidzutse. Zilembo, zimene poyamba zinkangoyendayenda ngati nyerere, zinayamba kuima malo amodzi. Timawu ta pansi pa diso ndinayamba kutizindikira m'buku, ndipo ndikatipeza ndinkamugunda Asiyatu ndi chigongono. Pulofesora anauza amayi pamsika kuti chaka chisanathe ndidzakhala ndikuwerenga ndekha. Amayi anabwera kunyumba akuimba, n'kundipatsa mbatata yaikulu kuposa yawo.

Ndiye kunabwera chisanu. Amene anakhalako ku Lichinga akudziwa chisanu chake, cha nkhungu ndi kamvula kowaza, cholowa mpaka m'mafupa. M'mawa wina ndili pachipepala, ndagwira phazi, nkhani ili pakati, analowa a Diretori, mkulu wa sukuluyo. Dzina lawo sinditchula, ana awo alipo. Anzanga onse anaimirira. Ine sindinamve kanthu, ndinapitiriza kuyankhula ndi khoma langa. Ndinangomva dzanja lozizira likundigwira khutu n'kunditembenuza.

"Ichi n'chiyani?" anatero, m'Chinyanja, kuti tonse timve bwino. "Mwana kufulatira akulu? Mphunzitsi wakhala kumbuyo ngati mlendo pamaliro, mwana ali kutsogolo akubwebweta ndi khoma ngati wamisala. Imeneyi ndi sukulu?"

Pulofesora Amelia anabwera mofulumira, manja atawagwira pamodzi. "A Diretori, mukanamva kaye zimene akunena mwanayu."

"Ine sindimva mawu otulukira kunkhongo. Dziko lasintha. Munthu watsopano amaimirira njo, n'kuyang'ana mnzake m'maso."

Anamatula chipepalacho ndi manja awo, n'kuchikulunga. Kenako anatenga kandodo kathu ka nsungwi, komwe kanali kasanamenyepo munthu, n'kundimenya nako m'manja pamaso pa onse, kuti ndiphunzire ulemu.

Zikanathera pomwepo, mwina bwenzi nditati munthuyo analakwitsa chabe, ankakhulupirira zimene ankanena. Koma m'mawa mwake tikufika pasukulu tinachiona chipepala chathu. Windo la ofesi yawo linali losweka galasi, ndipo iwo anachikhomerera pamenepo ndi misomali kuti chiziwatchinga mphepo. Anachikhoma chozondoka, zithunzi zitayang'ana kunja, phazi m'mwamba, diso pansi. Ulemu wonse umene ankalalikira uja unali mphepo ya pawindo. Tsiku ndi tsiku tinkadutsa pamenepo tikuona kamvula kakusungunula makala, dothi lofiira la mtima likutsika m'mizere. Mpaka lero ndikaliganiza windo limenelo m'manja mwanga mumatentha.

Pulofesora anayesa kujambula zithunzizo pabolodi ndi choko, koma lamulo linali litaperekedwa lakuti mphunzitsi aime kutsogolo ndipo woyankha amuyang'ane. A Diretori ankayendayenda pakhonde akusuzumira. Pulofesora anali wamng'ono, ntchito inali yoyamba, kwawo kunali anthu oidalira. Sindiwada. Sala inabwerera ku zii wake wakale, ndipo ngakhale Asiyatu ankangoyankha mawu amodzi n'kukhala pansi.

Nyemba zinauma. Amalume anafika m'mawa wa nkhungu, atavala jekete lobwereka lalifupi mikono, atanyamula kathumba ka nyemba koti apatse aphunzitsi. A Diretori, poona kuti kwabwera kholo, anatulutsa mipando iwiri n'kuiika kutsogolo, pamene panali chipepala paja. Anakhala iwo ndi amalume, Pulofesora ataima pambali ndi buku.

Nkhani ya tsikulo inali ya mtsinje umene unakokolola mlatho wa mitengo, ndi bambo wina amene anawolotsa ana ake mmodzimmodzi atawanyamula. Ndinaimva yonse, mawu ndi mawu. Ndipo ndinadziwa pomwepo chithunzi chimene ndikanagwira. Ndikanagwira phazi. Chaka chimene bambo anamwalira, amalume omwewa anabwera kudzatitenga nthawi ya mvula, ndipo panjira tinapeza mtsinje utadzaza. Anandikweza pamapewa. Madzi anawafika m'chifuwa, ofiira, akukokolola nthambi. Ine chifukwa cha mantha ndinawagwira m'maso, iwo n'kunena kuti, "Gwira makutu, iwe, maso ndikuyendera." Anawoloka akuimba kanyimbo kopanda mutu kuti ndisalire, n'kubwereranso kukatenga amayi. Nkhani imeneyo inali yokonzeka pakamwa panga. Ngakhale mawu a Chipwitikizi otchulira mtsinje ndi malume ndinali nawo.

Pulofesora anaitana ine. Ndinanyamuka n'kupita kutsogolo.

Tsono taganizani. Chibadwire ndinali ndisanaimepo chilili amalume atakhala pansi. Mawondo ankafuna kugwada okha. Nditayamba kutsika, a Diretori anati, "Imirira bwino. Olha para mim. Yang'ana kuno." Ndinakweza maso, n'kukumana ndi maso a amalume, amene ndinaphunzitsidwa moyo wanga wonse kuti sayang'anidwa. Ndinathawitsira maso kukhoma. Panali zipsera za phala louma basi. Maso anagwa pansi.

"Rozina," anatero Pulofesora mofatsa, "nkhaniyi yakufikitsa kuti?"

Ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Ndinkamva madontho akugwa kuchokera padenga, ndi wina akutsokomola kumbuyo.

"A Diretori, mulole atembenuke pang'ono chabe. Muona."

"Afulatire amalume ake? Mukufuna bambowa akanene kumudzi kuti kuno timaphunzitsa mwano?"

Amalume anagwedeza mutu kuvomereza. Kwa iwo a Diretori ananena zoona. Anadikirabe pang'ono, ndiwapatse ulemu umenewo, anadikira akundiyang'ana ngati munthu woyembekeza mvula. Kenako a Diretori anawaweramira n'kunena mokoma mtima, ngati akuwapepesa, kuti, "Ana ena mitu yawo ndi ya kumunda, bambo. Si mlandu."

Amalume anaimirira, n'kupereka kathumba ka nyemba kaja m'manja mwa a Diretori ndi manja awiri. "Zikomo. Ndaona."

Pulofesora anatithamangira panja, buku lili m'manja. "Bambo, mwanayu ndiye woyamba m'sala monse muja. Ndikulumbira. Mubwerenso tsiku lina."

"Amayi aphunzitsi," anatero amalume, "ndinali momwemo. Sindinachite kumva kwa munthu."

Njira yotulukira inkadutsa pawindo la ofesi lija. Chipepala chinali pomwepo, chonyowa, phazi likuonekabe pang'ono. Ndinafuna kuwakoka jekete, ndiime pamenepo, ndiyang'ane windo, ndiwauze zonse za mtsinje. Koma mwana sakoka malume ake. Ndinadutsa ndili pambuyo pawo, manja kumbuyo, mwaulemu wonse umene amalume ndi a Diretori ankaufuna. Amayi anandimangira nsalu yanga ndi bulangete, misozi ikugwera pamfundo. Dzuwa lisanapendeke tinali panjira ya ku Chimbonila.

Khanda linabadwa, ndinalilera. Linabadwa lina, ndinalileranso. Kenako kunabwera nkhondo, ndipo za sukulu panalibenso wozitchula. Ndinakwatiwa, ndinabereka anga. Timawu tija ta pansi pa diso tinafufutika m'mutu mwanga pang'onopang'ono, ndipo lero ndikapita kuchipatala ndimapereka chala kuti achipake inki. Za Pulofesora Amelia ndinangomva kuti anawasamutsira kutali. A Diretori anakalamba ndi ulemu wawo wonse, ndipo pamaliro awo anthu ananena kuti anali munthu wokonda mwambo. Ine ndinali pomwepo, ndinathandiza kutunga madzi, koma nyimbo sindinaimbe.

Amalume atakalamba n'kudwala, ana awo ali kutali, wowasamala ndinali ine. Tsiku lina ndinawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, padzuwa, ndikuwapukuta kumsana ndi kansalu ka madzi ofunda. Msana umene unandinyamula uja unali utatsala mafupa okhaokha. Ndili kumbuyo kwawo choncho, osaona nkhope yawo, mawu anangoyamba kutuluka. Ndinawauza za mtsinje, za madzi ofiira, za makutu, ndinawaimbira ngakhale kanyimbo kaja. Ndinawauzanso kuti zimenezi ndi zimene ndinkafuna kunena tsiku lija kusukulu.

Mapewa awo anagwedezeka pang'ono. Kenako anati, "Nanga bwanji sunanene, mwana wa mlongo wanga? Ukananena theka lake lokha, bwenzi nditakusiya."

Ndinaika kansalu m'beseni, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinaima kumeneko mpaka mkwiyo utatsika, chifukwa ndikanayankha nthawi yomweyo ndikananena mawu osayenera kuuza munthu wodwala. Bwanji sunanene. Anandiphunzitsa okha kutsitsa maso ndisanadziwe n'komwe kuyenda bwino. Anandiyamikira okha kuti ndine mwana wofatsa, wosayankha akulu. Ndiye tsiku limodzi anandiimika pamaso pawo n'kundiweruza chifukwa chochita zomwe anandiphunzitsazo. Mtsikana mmodzi yekha, Pulofesora Amelia, ndiye anaona kuti pakamwa pathu anatseka ndi akulu, n'kutipangira khomo lina ndi matumba a simenti, ndipo khomo limenelo munthu wamkulu, wophunzira, anatsekera mphepo.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mwana wokhala chete si mwana wopanda kanthu. Nthawi zambiri mawu amakhala atadzaza mpaka pakhosi, chomutchinga ndi nkhope yako iweyo wofunsawe. Akulu timakonda kunena kuti mwana uyu ndi mbuli, chifukwa kutero n'kopepuka kusiyana ndi kuchoka pampando n'kukakhala pa chitini kumbuyo. Amalume ndinawakhululukira, ndinawaika m'manda ndi manja angawa. A Diretori ayi, ndipo abusa anayesa kundinyengerera mpaka anatopa.

Ana anga ndi adzukulu anga ndawalera mwaulemu, amagwada, amalandira ndi manja awiri. Koma ndikaona mmodzi wabwera kuchokera kusukulu atatseka pakamwa, sindimuimika pamaso panga. Akakhala mnyamata ndimamuuza kuti andiperekeze kumunda, iye patsogolo, ine pambuyo. Akakhala mtsikana ndimamukhazika pansi pakati pa miyendo yanga, nkhongo yake kwa ine, n'kuyamba kumuluka tsitsi. Sindifunsa kawiri. Mzere woyamba usanafike kukhosi, amakhala atayamba kale kuyankhula, ndipo ine ndimaluka pang'onopang'ono kuti tsitsi lisathe nkhani isanathe.